Mzere wa Operekeza

Mutu Wachisanu

1. Mpando wa pazenera

Dzina lake lenileni linalipo, koma pasukulu ponse ankamuitana Kumitambo. Analitola ali Fomu Wanu. Aphunzitsi anamufunsa funso iye maso ali pazenera, ndiye anangoyankha kuti, "Ukuoneka ngati ng'ombe yogona." Ankanena mtambo. Kalasi yonse inaseka mpaka misozi, ndipo dzina linamukakamira ngati chisoso pasiketi.

Tsopano anali Fomu Thuu, ndipo mpando wake unali pamzere wotsiriza, pafupi ndi zenera. Sanausankhe yekha ayi. Anamuika pamenepo ndi aphunzitsi a masamu, bambo aatali a imvi m'mbali mwa mutu, amene ana ankawatchula kuti a Njiraimodzi akakhala patali.

A Njiraimodzi anali ndi chikhulupiriro chawo, ndipo sankachibisa. Tsiku loyamba la chaka anaima kutsogolo, manja kumbuyo, n'kunena kuti:

"Ana inu, tamverani. Masamu ndi mutu. Munthu amabadwa nawo kapena sabadwa nawo, basi. Ndaphunzitsa ana ambiri ine, ena lero ana awo ali m'kalasi muno. Sindinaonepo mutu wa masamu ukumera pakati pa chaka ngati ndevu. Ndiye tisanamizane. Amutu khalani kutsogolo kuno tiyende ulendo. Enanu khalani kumbuyoko, muziperekeza anzanu mwaulemu. Palibe chochititsa manyazi. Ngakhale pokwerera basi si onse amakwera, ena amangobwera kudzabayibitsa."

Kuyambira tsiku limenelo mzere wakumbuyo unasanduka mzere wa operekeza.

Musaganize kuti bambowa anali ankhanza. Sankamenya mwana, sankatukwana. Operekeza sankawafunsa funso n'komwe, poti ankati kutero n'kuwavula pagulu. "Inu kumbuyoko ingokoperani, musatuluke nazo thukuta," ankatero mokoma mtima. Chifundo chake chimenecho! Kope la Kumitambo linali laukhondo kuposa onse, lodzaza ndi masamu a eni ake.

Vuto linali lakuti temu imeneyi ikatha, kalasi inkagawidwa pawiri. Akutsogolo ankapitiriza masamu apamwamba ndi sayansi. Operekeza ankapita kukalasi ina, kumene masamu ankangowalawa ndi nsonga ya lilime. Ogawa anali a Njiraimodzi, ndipo pogawa sankayang'ana china koma mipando.

Zimenezi zinkamupweteka Kumitambo. Iye ankalakalaka kudzakhala wojambula mapulani a nyumba, zija zosanjikizana za mazenera ambiri, ndipo ankadziwa kuti khomo lake ndi masamu. Amene anamuuzako anali mmodzi yekha, msuweni wake, mwana wa azakhali ake, amene ankakhala kwawo chifukwa cha sukulu. Ameneyu ankakhala kutsogolo penipeni. Anzake ankamuti Chala, poti funso lisanathe n'komwe chala chake chinkakhala chili m'mwamba kale.

Masamu ankabwera masana, dzuwa litapendeka. Nthawi imeneyo kuwala kunkalowa pazenera n'kudzagona pasimenti, pafupi ndi phazi la Kumitambo. Zenera linali loongoka bwinobwino, koma kuwala kwake kukafika pansi kunkapendekeka ngati munthu wotopa watsamira khoma.

Kumitambo ankakuyang'ana kuwalako mpaka mawu a aphunzitsi kumamveka kutali. Fumbi la choko linkayandama m'menemo pang'onopang'ono, kukwera, kutsika. M'maganizo mwake ankatenga sizasi, n'kudula kansonga kotulukira kumanzere, n'kukanyamula mosamala kuti kasatayike, n'kukakamata kumanja kumene kunali kopereweza. Kuwala kuja kunkaongoka, ngodya zonse zinayi n'kuima chilili. Akatero ankamwetulira yekha, anzake n'kumakodolana.

Sankadziwa kuti akuchita masamu. Ankayesa akungolota.

2. Waganiza bwanji?

Pakati pa temu kunabwera mayi wina wachitsikana wophunzira uphunzitsi, ndipo anamupatsa kalasi ya a Njiraimodzi kuti ayesere. Anali wamfupi, wa mawu otsika, siketi yake yosasowa choko. Sabata isanathe ana anali atamupatsa kale dzina, a Bwanji.

Ukakhoza, iwo ankati, "Waganiza bwanji?" Ukalakwa, funso lomwelo. Akutsogolo zinkawanyansa. "Madamu, tangotiuzani ngati takhoza!" ankadandaula Chala.

"Ndikuuza, koma undiyendetse kaye m'njira imene wadutsa," ankayankha a Bwanji. "Ngakhale yankho lolakwika lili ndi kanjira kake, ndipo ine ndimakonda kukaona. Masamu si mutu wobadwa nawo. Ndi maso, manja ndi kufunsa."

Chodabwitsa china n'chakuti ankayenda mpaka kumbuyo. Operekeza anali asanamvepo fungo la sopo wa aphunzitsi a masamu. Masana ena, ana akulemba, a Bwanji anaima pambali pa Kumitambo amene anali atapita kale ulendo wake.

"Ukuona chiyani pansipo?"

Kumitambo anadzidzimuka. "Palibe, Madamu. Pepani."

"Sindikukalipira. Ndikufuna ndione nawo."

Kumitambo anazengereza, kenako analoza ndi pensulo. Anafotokoza monong'ona za sizasi yake, za kansonga kodula, ndi za kuwala kumene kumaongoka. A Bwanji anagwada pasimenti pomwepo, osasamala za siketi. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Anakuphunzitsa ndani zimenezi?"

"Palibe, Madamu. Ndimangosewera."

"Tamvera. Lachisanu ndi tsiku langa lotsiriza pano, ndipo ndidzaphunzitsa za chinthu chopendekeka ngati chimenechi. A Njiraimodzi adzakhalapo kudzandiona. Ndikadzafunsa, sindidzakuloza. Dzanja ndi lako. Ukafuna udzalikweze wekha."

Mawa lake Kumitambo anatumidwa kukasiya makope kuchipinda cha aphunzitsi. Chitseko chinali chotseguka pang'ono, ndipo anamva a Njiraimodzi akulangiza a Bwanji.

"Madamu, ndakuonani mukutaya nthawi kumbuyo kuja. Mtima wanu ndi wabwino, sindikutsutsa. Inenso ndikuyamba ntchito ndinali choncho. Ndinaitana mnyamata wina wakumbuyo kubolodi, ndimvekere ndimuthandize. Anaima pamenepo choko chikunjenjemera m'manja, anzake akumuseka, ndipo mawa lake sanabwerenso kusukulu. Ndinalumbira kuti sindidzachitanso zimenezo kwa mwana wa munthu. Lachisanu lembani fomula pabolodi, perekani chitsanzo, funsani akutsogolo, mudzakhoza. Njira ndi imodzi, Madamu. Zinazo ndi zokomera m'mabuku a kukoleji."

"Ndamva, Bambo," anayankha a Bwanji mwaulemu. Sananene kuti adzatero, sananenenso kuti sadzatero.

Kumitambo anasiya makope pakhomo n'kubwerera monyang'ama.

3. Mwa ometa tsitsi

Bambo ake a Kumitambo anali ometa tsitsi. Kanyumba kawo kanali m'mbali mwa msewu, kokhala ndi galasi lalikulu long'aluka pangodya, mpando umodzi wozungulira, benchi ya odikira ndi wailesi yolira mosasa. Akaweruka kusukulu, Kumitambo ndi Chala ankasesa tsitsi pansi n'kukutumula matawulo.

Lachinayi masana kasitomala wotsiriza atatuluka, Kumitambo anatsamira tsache n'kuwauza bambo ake zonse.

Bambo aja anazimitsa makina. Anakhala pampando wozungulira uja, zimene sankachita kawirikawiri, n'kumuyang'ana mwana wawo kudzera pagalasi.

"Mwana wanga, mvera ine. Mitu ndimaidziwa, ndimaigwira tsiku lililonse, ya mabwana, ya zidakwa, ya a Njiraimodzi omwewo. Kunja yonse ndi chimodzimodzi, zam'kati ndi za Mulungu. Ine ndinakhalapo pamzere umenewo, kwa aphunzitsi omwewo tsitsi lawo likadali lakuda bii. Tsiku lina anandiitana kubolodi. Nditaima, manambala onse anabalalika ngati anapiye aona mphamba. Kuseka kwa tsiku limenelo ndimakumvabe ndikazimitsa makinawa. Sindinabwererenso. Lero ndikumeta, tikudya, sitigona ndi njala, koma sindifuna kuti iwe ukamve zimene ndinamva ine.

"Madamu akowo ndi mlendo, ndipo mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mawa anyamula chikwama chawo ulendo. Otsala nawe ndi a Njiraimodzi. Iwe ukufuna kuthamangira uku ndi uku, koma mapanga awiri avumbwitsa. Khala phee, mwana wanga. Maliza sukulu yako mwamtendere, popanda wokuloza chala. Ndanena ine bambo ako."

Kumitambo anawamvera chisoni bambo ake. Anali asanadziwe kuti mnyamata wa choko chonjenjemera uja anali iwowo.

Chala, amene sankatha kukhala chete nthawi yaitali, analowererapo. "Malume, musiyeni akweze. Mwina mitambo idzamunong'oneza yankho."

"Iwe, tseka pakamwa," anatero malume ake, koma anamwetulira pang'ono.

"Msuweni, usavutike," anapitiriza Chala akuvina ndi tsache. "Ingoloweza ngati ine. Tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu, tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu! Basi, watha."

"Msinkhu wake uti?" anafunsa Kumitambo.

"Aa! Iwenso wayamba ubwanjibwanji? Msinkhu ndi msinkhu, mkazi wanga!"

Kumitambo anamugenda ndi tawulo, monga amachitira asuweni. Dzuwa linali litalowa pakhomo n'kuwalitsa titsitsi touluka m'mwamba, ndipo iye anaima n'kumationerera mpaka bambo ake anamukumbutsa kuti pansi sipanathe kusesedwa.

4. Choko pasimenti

Lachisanu masana kunja kunali bata, mitambo ikuyenda mwaulesi. A Njiraimodzi analowa ndi mpando wawo n'kukauika kumbuyo, kuti aone bwino kalasi yonse. Kalanga ine! Malo amene anapeza anali pambali penipeni pa Kumitambo. Kuwala kwa pazenera kunagona pakati pa awiriwo, kansonga kake kakukhudza nsapato za aphunzitsi.

A Bwanji anajambula pabolodi chinthu cha mbali zinayi chopendekeka. Pansi pake, patsinde, analemba 8. Pambali yopendekeka analemba 5. Kenako anatsitsa mzere wa timadontho woongoka kuchokera pamwamba mpaka patsinde, n'kulembapo 4.

"Malo ali m'katimu ndi aakulu bwanji?"

Chala chinali m'mwamba kale. "40, Madamu!"

"Waganiza bwanji?"

"Tsinde kuchulukitsa ndi msinkhu. 8 ndi 5."

"Chabwino. Nanga watengeranji 5 n'kusiya 4?"

Chala anayang'ana 5, n'kuyang'ana 4, kenako n'kuweramira m'kope mwake. Mtsikana wina wakutsogolo anati yankho ndi 32, koma atafunsidwa chifukwa chake anangoti, "Fomula imatero, Madamu."

"Tili ndi mayankho awiri," anatero a Bwanji. "Alipo angationetse ndi maso kuti loona ndi liti?"

 Amutu onse anayamba kuwerenga misomali ya padenga. A Njiraimodzi anapukusa mutu n'kulemba kanthu papepala lawo. A Bwanji sanayang'ane kumbuyo ngakhale pang'ono.

Kumitambo anayang'ana pansi. Anachita mantha kwambiri. Kenako dzanja linakwera, pang'onopang'ono, mpaka linaongoka.

A Njiraimodzi anamuweramira n'kunong'ona. "Ukufuna kupita panja? Pita, usachite kupempha."

"Ayi, Aphunzitsi. Ndikufuna choko."

"Mwana iwe, tsitsa dzanja. Ndikukuchitira chifundo."

Dzanja silinatsike. A Bwanji anamuitana, ndipo Kumitambo anayenda pakati pa madesiki kupita kubolodi.

"Kumitambo watsika!" wina anakuwa.

"Lero igwa yamatalala!" anayankha mnzake, kalasi n'kufa nacho chiseko.

Kumitambo analandira choko n'kuyang'ana bolodi. Mayo! Panalibe chimene ankachidziwa pamenepo. Mizere yoyera ija inangoti balala, ndipo choko chinayamba kunjenjemera. Kumbuyo kuja a Njiraimodzi anaphimba maso ndi dzanja.

"Madamu," anatero Kumitambo ndi mawu aang'ono, "pano sindingathe."

"Ungathe pati?"

"Kwathu. Kumbuyo."

Ana anasekanso poyesa kuti wagonja. Koma iye anabwerera ndi choko chija, n'kugwada pasimenti pafupi ndi zenera. Anayamba kulemba motsatira m'mphepete mwa kuwala, mbali ndi mbali. Atafika pakansonga anaima.

"Pepani, Aphunzitsi. Mwaponda."

A Njiraimodzi anakweza mapazi onse awiri ngati mwana wamng'ono pamene mayi akukolopa.

"Nonse imirirani, tiyeni tikaone," anatero a Bwanji. Akutsogolo anadzuka monyinyirika n'kukaunjikana kumbuyo, ena kukwera pamabenchi. Kwa nthawi yoyamba chaka chimenecho, operekeza ndi amene anali pafupi ndi phunziro.

Pansi pamenepo dzanja la Kumitambo silinanjenjemere. Kuchokera pangodya yapamwamba anatsitsa mzere woongoka. "Apa ndadula," anatero. Anajambula kansonga komweko mbali inayo. "Ndiye ndakamata uku." Ndi chikhatho anafufuta kakumanzere kaja.

Fumbi la choko linakwera m'kuwala n'kumayandama pamaso pa onse. Palibe anatsokomola.

"Taonani, tsopano chaongoka ngati zenera. Sindinataye kanthu, sindinawonjezere kanthu. Mzere wopendekeka uja walowa m'kati, watha ntchito. Msinkhu ndi pamene ndinadulapa, poongokapa. Ndiye pabolodi paja ndi 8 kuchulukitsa ndi 4."

"32," anatero mnyamata wina wa mzere wa operekeza, amene mawu ake anali asanamvekepo m'phunziro la masamu. Iye mwini anadabwa, n'kudzitseka pakamwa.

"Aaa, ndiye n'chifukwa chake!" inatero kalasi, ena akuomba m'manja.

Kumitambo anakondwa. Anakondwa mpaka misozi inalengeza m'maso, ndipo anaipukuta ndi dzanja la choko, nkhope yonse n'kuyera mbuu.

5. Wina akakwera

A Njiraimodzi anayang'ana pasimenti paja nthawi yaitali. Kenako anaimirira, n'kulamula kuti aliyense abwerere pamalo pake. Anapita kutsogolo, manja kumbuyo monga mwa masiku onse.

"Ana inu, munthu wamkulu akalakwa amavomera. Mwana uyu ndinamuika polakwika. Mutu wa masamu ali nawo, anabadwa nawo, ine ndi amene sindinauone. Iwe, tenga mabuku ako ubwere kutsogolo. Temu yamawa uli m'kalasi ya masamu apamwamba."

Mtima wa Kumitambo unadumpha. Anasonkhanitsa mabuku mofulumira, pensulo n'kugwa, n'kuitola, n'kugwanso. Anali atafika pakati pa kalasi pamene aphunzitsi anapitiriza.

"Koma mipando yakutsogolo ndi yowerengeka. Wina akakwera, wina amatsika. Ngati ndinalakwitsa kumbuyo, ndiye kuti ndinalakwitsanso kutsogolo." Maso awo anayenda pamzere woyamba n'kuima pa Chala. "Iwe, amene sudziwa kusiyanitsa choongoka ndi chopendekeka. Wakhala ukundinamiza ndi kuloweza. Sinthana naye."

"Bambo, ndiloleni," analowererapo a Bwanji, mawu awo akukwera koyamba chibwerereni. "Mwanayu walakwa bwino. Popanda 40 wakeyo sitikanaona zimene taonazi. Onse awiri angathe, ngakhale uja wanena 32 kumbuyoko angathe. Si nkhani ya mutu."

"Madamu, mwaphunzitsa bwino, ndipo ndilemba choncho. Koma kalasi ndi yanga."

Belu linalira. Nthawi ya a Bwanji inathera pomwepo.

Chala anatola mabuku ake mmodzimmodzi. Asuweni awiriwo anakumana pakanjira kopapatiza ka pakati pa madesiki, ndipo panalibe polambalala.

"Chala, ine sindimafuna kuti..."

"Pita, msuweni," anatero Chala osamuyang'ana. Anayesa kuseka, koma milomo inakana.

Kumitambo anakhala pampando wakutsogolo. Unali wofunda, poti mwini wake anali atangochokapo. Apa panalibe zenera, panali bolodi lokha, lalikulu ndi lakuda.

Poweruka Chala anatsalira m'mbuyo, akuti akumanga chingwe cha nsapato. Kumitambo anayenda pang'onopang'ono kuti msuweni wakeyo amupeze m'njira. Anafuna kuthamanga kukawauza bambo ake kuti choko chinanjenjemera koma sanathawe. Anafunanso kuti msewu usathe.

Atayandikira kanyumba kometera kaja anamva kuseka kwa mayi wina. Pabenchi ya odikira panali chikwama chaulendo, ndipo pakhomo panaima azakhali ake, mayi a Chala, fumbi la basi likadali m'mapazi. M'manja ananyamula nsapato zatsopano zasukulu, zakuda, zonyezimira.

"Ee, mwana wa achimwene, wakula bwanji!" anatero azakhali akumukumbatira. "Nanga kumasoku wadzola chiyani, choko? Ndabwera kudzaona dokotala wanga, uja amakhala kutsogolo kwa kalasi. Wamusiya kuti?"

"Akubwera m'mbuyomu, Azakhali," anayankha Kumitambo.

Anatembenuka kuti awalozere. Msewu wonse unkaoneka mpaka pageti la sukulu, ndipo ana anali atatha. Chala munalibemo.